Kodi Mleme Ndi Mbalame? Tiphunzitse Ana Kusiyanitsa Nyama

Mwana wa ku Nottie Broadie, mumzinda wa Livingstone, amakula atazunguliridwa ndi nyama zamitundumitundu. Pakhomo amaona nkhuku, galu, mphaka ndi abuluzi oyenda pakhoma. Makilomita owerengeka kuchoka kwawo kuli nkhalango yotetezedwa ya Mosi-oa-Tunya, momwe muli njovu, njati, mbidzi, njiri ndi zipembere. Mumtsinje wa Zambezi muli mvuu ndi ng'ona, ndipo m'chilimwe njovu zimafika mpaka m'makomo a anthu kufunafuna chakudya. Tsono ife makolo, mwana ameneyu timamuphunzitsa chiyani za nyama zonsezi?

Kawirikawiri timangozigawa pawiri: zodyedwa ndi zoopsa. Kugawa kotereku kumasokeretsa. Mwana amathawa bilimankhwe, kanyama kopanda ululu, koma akamva kuti kwabwera njovu amathamangira komweko kukaonerera. Chimene akusowa ndicho kuzolowera kuyang'ana nyama mwachifatse asanaiweruze.

Phunziroli lingayambe mwana ali ndi zaka 4 kapena 5, ndipo silifuna ndalama. Tidule zithunzi za nyama m'makalendala akale, kapena tiumbe nyamazo ndi dothi. Tijambule mizere yozungulira pabwalo, kenaka timufunse mwanayo mafunso atatu. Thupi la nyamayi lakutidwa ndi chiyani: ubweya, nthenga kapena mamba? Ili ndi miyendo ingati? Imaikira mazira, kapena imabereka ndi kuyamwitsa? Pang'onopang'ono magulu amaoneka okha. Mbuzi ndi mbidzi zimapita kwa zoyamwitsa, nkhuku ndi nkhwazi kwa mbalame, buluzi, fulu ndi ng'ona kwa zokwawa. Chiwala chili ndi miyendo 6 pamene kangaude ali nayo 8, choncho sizingakhale gulu limodzi.

Mwana akaika nyama pamalo olakwika tisafulumire kumudzudzula. Tingomufunsa kuti, "Wadziwa bwanji?" Ana ambiri amaika mleme pagulu la mbalame poti umauluka. Koma mleme uli ndi ubweya, ulibe nthenga, ndipo umayamwitsa mwana wake. Mileme miyandamiyanda imene imasonkhana ku nkhalango ya Kasanka chakumapeto kwa chaka chilichonse ndi nyama zoyamwitsa monga mbuzi. Ndi akatswiri omwe anayamba asokonezeka pa zoterezi. Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene anakonza njira yogawira zamoyo m'magulu, anaika namgumi pakati pa nsomba m'chaka cha 1735, ndipo anamusamutsira kwa zoyamwitsa mu 1758 atapendanso bwino.

Mwana akazolowera kugawa nyama potsata thupi, tifike pa kugawa kwachiwiri, komwe kumakhudza moyo wake: ndi ziti zofunika kuzitalikira, ndipo chifukwa chiyani? Apa adzaona kuti kukhala gulu limodzi si kufanana khalidwe. Mvuu imadya udzu ngati ng'ombe, koma imatuluka m'madzi usiku kukadya, ndipo munthu wopezeka pakati pa iyo ndi mtsinje ali pangozi yaikulu. Ng'ona ndi mbale wa buluzi, komabe mwana asasewere m'mphepete mwa Zambezi kapena Maramba. Njovu yokhala ndi mwana sifuna kuyandikiridwa kapena kugendedwa. Anyani a ku mathithi amatsomphola chakudya m'manja mwa anthu, choncho sitiwadyetsa. Adzaonanso kuti kuopsa sikuyendera msinkhu: udzudzu ndi kachilombo kakang'ono, koma ndiwo umafalitsa malungo. Kadzidzi, amene ambiri timamugenda chifukwa cha mantha, amatithandiza pogwira makoswe owononga chimanga.

Tili ndi mwayi kuti mumzinda momwemu muli Livingstone Museum, nyumba yosungiramo zakale imene inayamba mu 1934. M'menemo muli chigawo cha zachilengedwe, momwe ana angaone nyama pafupi popanda choopsa. Mabanja awiri kapena atatu angapangane tsiku lopita kumeneko, mwana aliyense nkupatsidwa ntchito yakeyake: wina awerenge zanthenga, wina zamamba. Agogo nawonso tisawasiye kumbuyo, pakuti iwo ndiwo amadziwa mayina ndi makhalidwe a nyama zakutchire. Poti pano timakhala anthu a zilankhulo zosiyanasiyana, mwana adziwenso kuti mvuu pa Chilozi ndi kubu, ndipo ng'ona ndi kwena. Mnzake akamuchenjeza kumtsinje m'chilankhulo chimenecho, adzamva msanga.

Akuluakulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Makolo anzathu, madzulo ano nsima isanapse tiitane ana, titole zithunzi zisanu za nyama, tijambule mizere pabwalo, ndipo tiwasiye agawe okha ife tikungofunsa.