Pamene nkhondo idalowa pa asembule

Belu la asembule likalira m'mawa, mwana wasukulu amadziwiratu zomwe zikubwera: pemphero, nyimbo ya fuko, kenaka ahedi kukalipira ochedwa ndi osapisira malaya. Koma dziko likalowa m'nkhondo, bwalo lomwelo limayamba ntchito ina. Ana a sekondale a ku America adaziona zimenezi pakati pa 1941 ndi 1945.

Japan itaphulitsa doko la Pearl Harbor pa 7 December 1941, tsiku lotsatira sukulu zambiri zidasonkhanitsa ana m'holo kuti amvere pa wailesi Pulezidenti Franklin Roosevelt akupempha aphungu kuti dziko lilowe m'nkhondo. Kuyambira pamenepo asembule idasanduka msika wa boma.

Inu a malonda, tamvani momwe ndalama imatoleredwa. Mwana amagula kasitampu ka 10 kapena 25 cents nkumata m'kabuku. Masitampu akakwana $18.75 amasinthitsa ndi chikalata cha ngongole ya boma, choti akadikira zaka 10 adzalandire $25. Makalasi amapikisana, ndipo sukulu yosonkha pafupifupi $900 imanyadira kuti yagulira asilikali galimoto ya Jeep. Akaweruka, ana amayenda khomo ndi khomo kutolera zitsulo, matayala akutha ndi mapepala. Ngakhale timabuku togulira shuga, yemwe adayamba kugulitsidwa moyeza mu May 1942, anthu amakalembetsera kusukulu, alembi ake aphunzitsi.

Mu September 1942 boma lidakhazikitsa gulu la High School Victory Corps, lophunzitsa ana perete, masewera olimbitsa thupi, masamu ndi za ndege. Mu November chaka chomwecho msinkhu wotengera anyamata kunkhondo udatsitsidwa kufika pa zaka 18. Basitu, mnyamata wa kalasi yomaliza amadziwa kuti akangomaliza mayeso, yunifolomu ina ikumudikira. Ena ambiri adathawa sukulu kukalowa ntchito m'mafakitale poti malipiro adali okoma. M'holo mumapachikidwa mbendera ya nyenyezi: yobiriwira ngati thambo kuyimira mwana wakale wa pasukulupo amene ali kunkhondo, yagolide kuyimira amene wafa. Ana amaona nyenyezi zagolide zikuchuluka.

Zonsezi nzotamandika, koma pamzere wa asembule sadaime onse. Mu February 1942 Roosevelt adasaina lamulo lomwe lidachititsa kuti anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wa chiJapan, ambiri mwa iwo nzika zobadwira momwemo, atsekeredwe m'misasa monga wa Manzanar ku California. Ana awo adachoka m'makalasi chaka chili pakati, nkukapitiriza maphunziro kuseri kwa waya waminga, komwe amalumbirabe kukhulupirika ku mbendera ya dziko lomwe lawatsekera. Boma lidadzapepesa mu 1988, ana aja ali ndi imvi kale.

Ena adali ana a Mboni za Yehova, omwe amakana kuchitira sawatcha mbendera kamba ka chipembedzo. Mu 1940 khoti lalikulu la dzikolo lidagamula kuti sukulu ili ndi mphamvu yowachotsa. Ana ambiri adachotsedwadi, ndipo makolo ena adamenyedwa m'misewu. Koma pa 14 June 1943, nkhondo ili mkati, khoti lomwelo lidabweza mawu pa mlandu wa Barnette wochokera ku West Virginia. Oweruza 6 mwa 9 adati boma lilibe mphamvu yokakamiza mwana kulankhula zomwe sakhulupirira. Ife kuno sitingadabwe nayo nkhaniyi, poti Mboni zomwezi zidaletsedwa m'Malawi kuyambira 1967 mpaka 1993.

Tsono mfundo nayi. Kusonkhetsa ana ndalama, kuwagubitsa ndi kuwaimbitsa nyimbo, boma lililonse limatha, labwino ndi loipa lomwe. Chovuta nkulola mwana mmodzi kukhala chete anzake onse akukuwa, mawa nkumulandirabe m'kalasi. America idalephera mayeso amenewa pa ana a chiJapan, nkukhoza mochedwa pa ana a Mboni.

Inu ophunzira, tsiku lina wamkulu akadzaima pa asembule nkunena kuti nthawi ino njovuta, palibe zofunsa mafunso, mudzayambe mwayang'ana pamzere wanu. Mudzawerenge amene akusowa, ndipo mudzafunse komwe apita.