Sayirini ikalira, nthawi yokambirana yatha

Madzi osefukira sagogoda pachitseko. Mvula imatha kugwa kumapiri usiku, koma amene amaona zoopsa ndi anthu a kuchigwa omwe adagona kunja kuli nyenyezi. Ichi n'chifukwa chake m'mbali mwa mitsinje ina ya m'maboma monga Karonga, Salima ndi Phalombe ku Malawi mudaikidwa zipangizo zoyeza madzi. Madzi akafika pa mlingo woopsa kumtunda, uthenga umapita pa lamya za m'manja kwa akomiti yoona za ngozi m'mudzi, ndipo sayirini imalira.

Nzeru yotereyi idagwiritsidwanso ntchito ku Mozambique. Madzi atapha anthu pafupifupi 700 m'chaka cha 2000, midzi ya m'chigwa cha mtsinje wa Búzi idayamba kuyeza yokha mvula ndi kukwera kwa mtsinje, n'kumadziwitsana kudzera pa wailesi za mauthenga, mbendera ndi zokuzira mawu. Dzikolo lidakhazikitsanso mitundu itatu ya chenjezo la namondwe. Yobiriwira ngati thambo imatanthauza kuti namondwe angafike pakati pa maola 24 ndi 48, yachikasu pasanathe maola 24, pamene yofiira pasanathe maola 6.

Komabe chipangizo pachokha sichipulumutsa munthu. Namondwe wa Freddy, yemwe adapha anthu oposa 1,000 ku Malawi mu Malichi 2023, adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Phunziro lake lidali lakuti chenjezo limathandiza pokhapokha banja likudziwiratu kothawira.

Choncho ntchito yaikulu ya alangizi ndi mafumu imagwiridwa dzinja lisanayambe. Mudzi uyenera kugwirizana za malo okwera, kaya sukulu kapena tchalitchi, ndi njira yopitira kumeneko yosawoloka mtsinje. Aliyense amve kulira kwa sayirini pa tsiku loyeserera, lolengezedwa bwino, kuti asadzayese masewera tsiku la ngozi. Okalamba, amayi oyembekezera, olumala ndi osamva akhale ndi munthu wodziwika wokawatenga. Pakhalenso ng'oma kapena wezulo, poti batire limatha.

Sayirini ikalira, banja linyamuke nthawi yomweyo, litatenga chitupa, mankhwala, tochi ndi madzi akumwa, zomwe zimasungidwa kale m'thumba la pulasitiki. Mbuzi ndi ng'ombe zimasulidwe ngati zili pafupi. Mlimi amene ali kudimba asabwerere kukazula pampu kapena kukanyamula thumba la chimanga: madzi othamanga ongofika masentimita 15 amatha kugwetsa munthu wamkulu.

Sayirini ikasiya kulira, sindiye kuti ngozi yatha. Anthu abwerere kwawo pokhapokha akomiti atalengeza. Ndipo tsiku limene yalira koma madzi osafika, pasakhale wotonza woiliza. Kugona usiku umodzi pa simenti ya m'kalasi n'kopepuka poyerekeza ndi kukumba manda. Paja wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu.