Mabatani akubwerera m'galimoto za mabwana

Kwa zaka zoposa khumi, opanga galimoto zodula akhala akupikisana kuti sikirini yaikulu ndi ya ndani. Lero ena mwa iwo ayamba kubwezeretsa timabatani tomwe anachotsa okha.

Mu 2022, atolankhani a magazini ya zagalimoto ya ku Sweden, Vi Bilägare, anasonkhanitsa galimoto 12 pabwalo lina la ndege. Mwa izo, 11 zinali zamakono, zambiri zili ndi sikirini yodina ndi chala pakati pa dashibodi. Yotsalayo inali nkhalamba, Volvo V70 ya mu 2005, yomwe chilichonse m'kati mwake chili ndi batani lakelake.

Woyendetsa ankathamanga makilomita 110 pa ola uku akugwira tintchito ta masiku onse: kuyatsa chotenthetsa mpando, kukweza kutentha kwa m'galimoto, kuchotsa nkhungu pagalasi, kutsegula wailesi n'kupeza siteshoni, kubwezera pa ziro kowerengera ulendo ndi kuchepetsa kuwala kwa dashibodi. Asanayambe ankapatsidwa nthawi yoizolowera galimoto iliyonse, kuti pasakhale chonamizira.

Mu Volvo yakale ija zonsezi zinatha m'masekondi 10, galimoto itayenda mamita 306. Mu BMW iX, galimoto yamagetsi yodula kwambiri, zinatenga masekondi pafupifupi 30. Mu MG Marvel R zinatenga pafupifupi 45, ndipo galimotoyo inali itadutsa kale kilomita ndi mamita 300, maso a woyendetsa akungothawathawa pamsewu. Palibe yatsopano ngakhale imodzi imene inaiposa nkhalambayo.

Mmene mabatani anathera

Sikirini m'galimoto sinabwere dzulo. Kampani ya General Motors inaiika kale mu Buick Riviera ya mu 1986, koma ogula anadandaula kuti ikuwasokoneza poyendetsa, ndipo patangopita zaka zochepa anaichotsa.

Komabe vuto lomwe ankafuna kuthetsa linali lenileni. Galimoto ikamadula, zochitika m'kati mwake zimachuluka: mapu, foni, nyimbo, mipando yotenthetsa ndi yoziziritsa, kufewa kapena kulimba kwa masipuling'i. Chilichonse chikafuna batani lake, dashibodi imadzaza mpaka woyendetsa kusowa pogwira. Mu 2001, BMW inayesa njira ina pa 7 Series. Inasesa mabatani ambiri n'kuika chopotokola chimodzi chachikulu pakati pa mipando yakutsogolo, chotchedwa iDrive, choti uzizunguliza ndi kudina uku ukuyang'ana pasikirini. Anthu anachinyoza kwambiri, ponena kuti kusintha siteshoni kwasanduka mayeso. BMW inamva, inawonjezera timabatani tachidule m'mbali mwa chopotokolacho, ndipo m'kupita kwa zaka iDrive inakhala imodzi mwa njira zoyamikiridwa. Audi nayo inabweretsa yake, MMI, mu 2002.

Amene anatembenuza zinthu ndi Tesla. Mu 2012, Model S inatuluka ndi sikirini ya mainchesi 17 itaima chilili pakati pa dashibodi. Mu 2017, Model 3 inachotsa ngakhale mamita a kutsogolo kwa chiwongolero, moti liwiro umaliwerenga pakona ya sikirini, ndipo kabokosi kosungiramo zinthu kutsogolo kwa pasenjala umakatsegula podina pagalasi. Makampani akale a ku Germany anaopa kuoneka achikale. Mu 2021, Mercedes-Benz inayankha ndi Hyperscreen pa EQS: masikirini atatu pansi pa galasi limodzi lotalika masentimita 141, kuchokera kuchitseko china kukafika kuchinzake.

Chimene wogulitsa sanena

M'chipinda choonetsera galimoto, sikirini imagulitsa malonda. Imawala, imaoneka yamakono, ndipo ku China, komwe kuli msika waukulu wa galimoto padziko lonse, ogula ambiri ndi achinyamata okulira pafoni. Koma pali chifukwa china chomwe sichilembedwa m'zotsatsa. Batani ndi lodula.

Batani lililonse limafuna chikombole chake kufakitale, kasipuling'i kake, nthambo zake, kanyali kowunikira usiku, ndi kuyesedwa kambirimbiri kuti lisafe msanga. Galimoto ya chiwongolero chakumanja ndi ya chakumanzere zimafuna kaikidwe kosiyana. Sikirini ndi chipangizo chimodzi, ndipo zotsalazo ndi mapulogalamu omwe angasinthidwe kudzera pa intaneti galimoto ili pakhomo pa mwini wake. Ku America, kuyambira 2018 lamulo limafuna kuti galimoto yatsopano iliyonse ikhale ndi kamera yoonera kumbuyo, choncho sikirini iyenera kukhalapo basi. Poti ilipo kale, owerengera ndalama kufakitale anaona kuti n'kwapafupi kukankhiramo zina zonse.

Mapulogalamu anatsegulanso khomo la malonda achilendo. Mu 2022, BMW inayamba kulipiritsa mwezi ndi mwezi m'mayiko ena kuti chotenthetsa mpando, chomwe chili kale m'galimoto yako, chizigwira ntchito. Ogula anakwiya ndipo mu 2023 kampaniyo inasiya.

Dzanja lili ndi nzeru zake

Amene anakwerapo Mercedes-Benz yakale amakumbukira kabatani kosinthira mpando kamene kamakhala pachitseko. Kanapangidwa mooneka ngati mpando weniweniwo: pokhalira, potsamira ndi poika mutu. Ukafuna kuti potsamira pagone, umakankhira kumbuyo kachidutswa kooneka ngati potsamira. Palibe chowerenga, palibe choloweza. Zala zimakapeza mumdima n'kudziwa zochita.

Nzeru yonse ya batani labwino yagona pamenepo. Lili ndi malo amodzi osasuntha. Lili ndi m'mphepete moti chala chimalizindikira. Ukalidina limagonja n'kulira kuti "thi", ndipo umadziwa kuti zatheka usanayang'ane. Chopotokola cha eyakoni chili ndi timano tomwe dzanja limawerenga lokha. Pagalasi losalala zonsezi palibe. Diso liyenera kuchoka pamsewu kukafuna chizindikiro, kulondolera chala, kenako kubwereranso kukaona ngati chamva. Msewu ukakhala wa mabampu, chala chimaphonya n'kudina china.

Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imadya mamita pafupifupi 28 pa sekondi. Kuyang'ana kumbali masekondi awiri okha ndiye kuti wayenda theka la bwalo la mpira osaona kutsogolo. N'chifukwa chake mu 2013 bungwe loona za chitetezo cha pamsewu ku America, NHTSA, linalangiza opanga galimoto kuti kuyang'ana kamodzi kusapitirire masekondi awiri, ndipo ntchito yonse isapitirire masekondi 12. Linali langizo chabe, losakakamiza aliyense.

Ngakhale giya sinasiyidwe. Fiat Chrysler inaika m'galimoto zina, kuphatikizapo Jeep Grand Cherokee, giya yamagetsi yomwe ukaikankha imabwerera pakati, moti dzanja silidziwa ngati ili pa P kapena ayi. Anthu ankatsika galimoto n'kuiona ikugubuduka yokha. Mu 2016 kampaniyo inaitanitsa galimoto zoposa 1 miliyoni kuti zikakonzedwe, ndipo chaka chomwecho katswiri wa mafilimu Anton Yelchin anafa atapanikizidwa ndi Jeep yake pageti la nyumba yake ku Los Angeles.

Kubwerera m'mbuyo

Volkswagen ndiyo inapsa kwambiri. Golf ya mu 2019 inali ndi timizere tosisita ndi chala tokwezera mawu a wailesi ndi kutentha, koma topanda nyali, moti usiku sunkationa. Pachiwongolero cha mitundu ina panali malo odina osagonja, omwe ankayaka okha chikhatho chikawakhudza pokhota. Madandaulo atachuluka, mkulu wokonza maonekedwe a galimoto kukampaniyo, Andreas Mindt, analonjeza mu 2025 kuti mawu a wailesi, kutentha kwa mbali zonse ziwiri, mphepo ya eyakoni ndi mahazadi zidzakhalanso ndi mabatani enieni. Mfundo yake inali yachidule: galimoto si foni.

Chikwapu chachikulu chachokera ku Euro NCAP, bungwe limene limayesa chitetezo cha galimoto ku Ulaya n'kupereka nyenyezi. Linalengeza kuti kuyambira 2026 liziyang'ananso ngati indiketa, mahazadi, hutala, mawaipa ndi batani loitanira chithandizo pangozi zili ndi chogwirika chenicheni. Si lamulo la boma, koma nyenyezi zisanu ndi zimene makampani amatsatsira malonda, ndipo palibe amene amafuna kuzitaya. Tesla, yomwe mu 2023 inachotsa kandodo ka indiketa pa Model 3 n'kuika timabatani pachiwongolero, inasunga kandodoko pa Model Y yatsopano ya mu 2025.

Nazo zodula zenizeni zagonja. Ferrari, itayesa malo odina osagonja pachiwongolero, inabwezeretsa mabatani enieni, kuphatikizapo lolizira injini, pa Amalfi ya mu 2025. Porsche inaikanso timabatani ta eyakoni pa Cayenne ya mu 2023. Ku Mercedes-Benz, Gorden Wagener, yemwe analamulira maonekedwe a galimoto zawo panthawi ya Hyperscreen, ananena yekha poyera mu 2025 kuti sikirini si ulemerero.

Izi sizikutanthauza kuti sikirini yafa. Mercedes-Benz GLC yamagetsi ya mu 2025 yabwezeretsa kagudumu kozunguliza ndi chala pachiwongolero, koma ilinso ndi sikirini ya mainchesi 39. BMW, pa iX3 yatsopano, yachotsa chopotokola cha iDrive chija n'kuika zowerenga m'munsi mwa galasi lakutsogolo. Chimene chikuchitika ndi kugawa ntchito: mapu, nyimbo ndi zosintha kamodzi pachaka zikhale pasikirini, koma zofunika galimoto ili paliwiro zikhale pomwe dzanja lingazipeze lokha.

Kumene ndalama si vuto

Chochititsa chidwi n'chakuti galimoto zodula kuposa zonse sizinathamangire galasi. Ku Crewe, Bentley inaika mu Continental GT chinthu cha nkhope zitatu pakati pa dashibodi. Injini ikazima umangoona thabwa losalala, lopukutidwa ndi manja. Ukailiza, thabwalo limatembenuka n'kuonetsa sikirini ya mainchesi 12.3. Ukatopa nayo umadina batani, ndipo pamabwera timawotchi titatu ta mivi: kosonyeza kutentha kwa panja, kampasi ndi kowerengera nthawi. Mphepo ya eyakoni umaitsegula pokoka kachitsulo kozizira, kolemera bwino m'zala.

Rolls-Royce, ku Goodwood, inasandutsa dashibodi ya Phantom ya mu 2017 kukhala malo oikamo zaluso kuseri kwa galasi, zosankha mwini galimoto. Lexus LS ili ndi magalasi osema ndi nsalu yopinda ndi manja pazitseko, pomwe Toyota Century, galimoto ya akuluakulu a ku Japan, imadziwika ndi mipando ya ubweya wa nkhosa. Bugatti Tourbillon ya mu 2024, ya mtengo wa mayuro 3.8 miliyoni, mamita ake anapangidwa ndi amisiri a mawotchi a ku Switzerland, ndi tizidutswa toposa 600. Chiwongolero chimazungulira, mamitawo osasuntha. Sikirini ilipo, yaing'ono, yobisika mpaka utaifuna. Chifukwa chimene kampaniyo inapereka n'chomveka: galimoto yotere idzaonetsedwabe patapita zaka makumi ambiri, pomwe sikirini ya lero idzakhala yochititsa manyazi.

Phunziro lake n'lakuti galasi latchipa. Sikirini yaikulu ikupezeka ngakhale m'galimoto zotsika mtengo za ku China. Chimene chatsala chodula ndi ntchito ya mmisiri: chitsulo chosemedwa, ulusi wosokedwa mowongoka, batani lolira bwino.

Zikafika kwathu

Nkhaniyi imatikhudza mochedwa koma mosalephera. Galimoto zambiri za m'misewu yathu zimabwera zitagwira kale ntchito, makamaka ku Japan, kudzera pamadoko monga Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Mavuto a sikirini tinawalawa kale pang'ono. Ambiri akuyenda ndi dashibodi yolankhula Chijapani, mapu ake akusonyeza misewu ya ku Tokyo galimoto ili ku Limbe. Wailesi zambiri za ku Japan zimathera pa 90, ndiye umayenera kuikitsa kachipangizo kuti upeze masiteshoni akuno. Zina ukangochotsa batire zimadzitseka n'kufuna kakhadi kapena nambala yomwe inatsalira kutsidya kwa nyanja.

Zimenezo n'zopiririka, chifukwa wailesi ikafa galimoto imayendabe. Koma za m'zaka za 2019 mpaka 2024, zomwe eyakoni, chochotsa nkhungu pagalasi ndi zina zotero zili m'sikirini, ndizo zili pamzere wobwera. Zidzakumana ndi dzuwa la Okutobala ku Chikwawa, fumbi la m'misewu yakumudzi ndi maenje a nthawi yadzinja. Batani likafa, makaniko amakapeza lina kwa ogulitsa zipangizo zakale n'kuliika tsiku lomwelo. Sikirini ikada, zonse zimafera limodzi, ndipo yatsopano kawirikawiri imafuna kompyuta ya kampani kuti igwirizane ndi galimotoyo.

Taganizani za msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, mvula ya Januwale ikukhuthuka. Galasi lachita nkhungu m'kati, m'mbali muli akabaza, ana asukulu ndi mbuzi, kutsogolo thiraki ikubwera. Pamenepo chochotsa nkhungu chiyenera kupezeka pa sekondi imodzi, maso ali pamsewu. Mwina n'chifukwa chake Land Cruiser 300 ya mu 2021, yomwe kwathu kuno ndiyo galimoto ya mabwana, ili ndi sikirini koma inasunga mzere wa mabatani a eyakoni ndi chopotokola chosankhira mtundu wa msewu. Toyota imadziwa kumene galimotoyo imakagwira ntchito.

Choncho amene mukufuna kugula galimoto yapamwamba yogwira kale ntchito, musangoyang'ana chikopa cha mipando ndi makilomita omwe yayenda. Khalani pampando, gwirani chiwongolero, yang'anani kutsogolo, ndipo osatsitsa maso yesani kupeza mahazadi, mawaipa, chochotsa nkhungu ndi chochepetsera mawu a wailesi. Kenako mufunse wogulitsayo kuti sikirini ikafa, ina ndi ndalama zingati, ndipo angaikonze ndani ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu. Akayamba kukanda m'mutu, mtengo umene wakuuzaniwo sunathe.