Matewera a nsalu angachepetse zinyalala m'mizinda, koma nkhani yagona pa madzi

Pamene makhonsolo a mizinda ya dziko lino akulimbana ndi zinyalala zomwe zikutseka ngalande ndi kuipitsa mitsinje, mtundu wina wa zinyalala womwe kale sunkaoneka kawirikawiri pa dzala tsopano wafala kwambiri, ndipo uwu ndi wa matewera ogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya, omwe anthu ambiri amangowatchula kuti mapampasi.

Aliyense amene wayendako m'mbali mwa mtsinje wa Mudi ku Blantyre kapena wa Lingadzi ku Lilongwe mvula yamphamvu itangogwa kumene, adaonapo matewerawa atakodwa m'mabango ndi pansi pa milatho ali otupa ndi madzi, pomwe ena amapezeka kuseri kwa mipanda ya nyumba agalu atawang'amba usiku.

Vutoli, pamodzi ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu, lachititsa makolo ena kuyambanso kuganizira za thewera la nsalu lomwe ambiri mwa ogwira ntchito m'boma lero adakuliramo.

M'banja la mlembi wa nkhani ino, lomwe limakhala m'nyumba ya lendi mu mzinda wa Lilongwe, mwana woyamba adakulira m'matewera otaya kuyambira tsiku lomwe adatuluka m'chipatala, koma wachiwiri adakulira m'matewera a nsalu. Kunena zoona, chomwe chidasintha maganizo a banjali poyamba sichidali chikondi cha pa chilengedwe ayi, koma ndalama. Boma litachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja adakwera mtengo, ndipo matewera otaya adayamba kulimbirana malo ndi ufa komanso lendi pa malipiro a pa mwezi.

Masamu ake ndi osavuta. Mwana yemwe akusinthidwa kasanu pa tsiku amatha matewera 1,825 pa chaka, kutanthauza matewera 3,650 pa zaka ziwiri, ndipo khanda longobadwa kumene limasinthidwa koposa pamenepo. M'malo mwa mulu wonsewo, banjali lidagula matewera a nsalu 24, mapini, timakabudula ta pulasitiki tochepa tovala pamwamba ndi ndowa ziwiri zokhala ndi zivindikiro.

Masamu omwewa akawerengedwa pa dziko lonse ndi pomwe amaopsa. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti m'Malawi mudali anthu 17.5 miliyoni, ndipo chaka chilichonse m'dziko muno mumabadwa ana oposa theka la miliyoni. Atakhala kuti mwana mmodzi yekha mwa ana khumi alionse obadwa m'chaka chimodzi akuvala matewera otaya, ndiye kuti ana amenewo okha angatulutse matewera oposa 91 miliyoni asadakwanitse n'komwe chaka.

Thewera lotaya lidatchuka m'dziko la America kampani ya Procter & Gamble itayamba kugulitsa Pampers mu 1961. La masiku ano lili ndi pulasitiki kunja, zofewa zochokera ku mitengo m'kati, komanso ufa wapadera womwe opanga adayamba kuikamo m'zaka za m'ma 1980, womwe umamwa mkodzo wochuluka n'kusanduka ngati phala. Ufa umenewu ndi womwe umachititsa kuti mwana agone usiku wonse ali wouma, ndipo ndi womwewonso umachititsa kuti thewera likagwera m'ngalande litupe n'kutseka njira ya madzi. Pulasitiki yake siola, ndipo poti theweralo limakhala lonyowa, pa moto limangofuka utsi osapsa. Likaponyedwa m'chimbudzi chokumba limadzaza dzenje msanga ndi kuvutitsa opopa zimbudzi, pomwe m'chimbudzi cha madzi limatseka mapaipi.

Dziko lino lakhala pa nkhondo yolimbana ndi mapulasitiki kwa zaka zoposa khumi. Mu 2015 boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 60, ndipo ngakhale khothi lalikulu la apilo lidagwirizana ndi chiletsochi mu Julayi 2019, makampani ena adapitiriza kutenga ziletso ku khothi mpaka mu 2025. Komabe nkhondo yonseyi yakhala ya majumbo, ndipo za matewera sizimveka kwenikweni.

Chikhalirecho thewera ndi loopsa kuposa jumbo chifukwa limatayidwa lili ndi chimbudzi m'kati. Mu 2023 akatswiri a ku yunivesite ya Stirling ku Scotland mogwirizana ndi anzawo a kuno ku Malawi adalemba kuti kutaya matewera pa milu ya zinyalala m'madera okhala anthu mothithikana sikusiyana ndi kuchita chimbudzi pa tchire, mchitidwe womwe unduna wa zaumoyo ndi mafumu akhala akulimbana nawo m'midzi kwa zaka zambiri. Anthu ambiri amakhulupirira kuti chimbudzi cha khanda n'chosaopsa, koma zoona zake n'zakuti chimatha kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba tochuluka kuposa cha munthu wamkulu. Dziko lomwe lidataya anthu oposa 1,700 pa mliri wa kolera womwe udayambira ku Machinga mu Malichi 2022 silingaione nkhani imeneyi ngati ya amayi okha.

Izi sizikutanthauza kuti thewera la nsalu ndi lopanda mavuto, ndipo banja la mlembiyu lidaphunzira zimenezi movutikira.

Mphunzitsi wamkulu adali apongozi, omwe adabwera kuchokera kumudzi kudzathandiza mwana atangobadwa. Iwo adaonetsa kapindidwe ka thewera kuti pakati pakhale pochindikala, komanso kuti pobaya phini munthu aziika zala zake pakati pa nsalu ndi khungu la mwana kuti ngati phini lalakwika libaye wamkulu. Pa za kachapidwe sadafune zokambirana. Chimbudzi chiyambe chakhutulidwa m'chimbudzi, thewera litsukuluzidwe, liviikidwe m'ndowa yovindikira, lichapidwe ndi sopo tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, litsukuluzidwenso mpaka thovu litatheratu, liyanikidwe pa chingwe pa dzuwa, ndipo likauma lisitidwe mbali zonse ziwiri.

Kusitako si kofuna kukongoletsa. Pali ntchentche ina yomwe imaikira mazira pa dothi ndi pa zovala zachinyezi, makamaka zonunkha mkodzo zomwe zayanikidwa pansi kapena pa mthunzi, ndipo mazirawo akaswa, mphutsi zimalowa m'khungu la mwana n'kutupitsa ngati chithupsa. Kutentha kwa simbi kumapha mazirawo.

Apongozi atabwerera kumudzi, mlembiyu adatenga ntchito yochapa ya Loweruka ndi Lamulungu, ndipo pofuna kusunga madzi adayamba kutsukuluza kamodzi kokha. Padangotha masiku ochepa, mwana adafiira m'mphechepeche n'kuyamba kulira akamasinthidwa. Anamwino a ku sikelo adafotokoza kuti sopo wotsalira m'nsalu, kuchedwa kusintha mwana, komanso kabudula wa pulasitiki wovala usiku wonse ndi zomwe kawirikawiri zimabweretsa vutoli, ndipo adalangiza kuti mwanayo azisiyidwa kwa kanthawi osavala kanthu kuti khungu lipitidwe mphepo. Zilondazo zidapola, koma madzi omwe bambo ankati akusunga adalipiridwa ndi ulendo wa ku chipatala komanso tulo ta masiku angapo.

Nyengo ya mvula idabweretsa vuto lina. Mu Januwale ndi Febuluwale, dzuwa likabisala masiku atatu, matewera 24 aja ankaoneka ochepa, ndipo pa khonde, pa mipando ndi pa zitseko ponse pankakhala nsalu zoyera. Koma vuto loposa onse lidali la tsiku lomwe pa mpopi pauma. Madzi akasiya kutuluka kwa masiku awiri, ndowa zonse ziwiri zinkadzaza, fungo linkayamba, ndipo banja linkayenera kusankha pakati pa madzi ophikira ndi ochapira. Masiku oterowo, monganso pa ulendo wa pa basi kapena pa maliro kumudzi, banjali linkagula matewera otaya, ndipo silichita manyazi kuvomera zimenezi.

Nkhani yoti kachapidwe ndi komwe kamalamula idatsimikizidwanso ndi kafukufuku wa ku Britain. Mu 2008 bungwe la boma loona za chilengedwe m'dzikolo la Environment Agency lidapeza kuti pa zaka ziwiri ndi theka, matewera otaya a mwana mmodzi amatulutsa mpweya wotenthetsa dziko wolemera pafupifupi makilogalamu 550, pomwe a nsalu amatulutsa pafupifupi makilogalamu 570, kusonyeza kuti padalibe kusiyana kwenikweni. Koma lipoti lomwelo lidati ngati matewera a nsalu ayanikidwa pa chingwe m'malo mwa makina oumitsira, achapidwa ambiri nthawi imodzi, ndipo agwiritsidwanso ntchito pa mwana wachiwiri, mpweyawo umatsika ndi pafupifupi 40 peresenti. Kafukufuku wina yemwe boma la dzikolo lidatulutsa mu 2023 adapeza kuti a nsalu amatulutsa mpweya wochepa ndi pafupifupi 25 peresenti, ngakhale kuti amatha madzi ambiri kuposa otaya.

Ziwerengero zimenezi ndi za dziko lomwe anthu amachapa ndi makina ndipo galimoto yotenga zinyalala imafika pa khomo lililonse, choncho sizingakopedwe momwe zililimu. Kuno mabanja ambiri amachapa pa manja ndi kuyanika pa dzuwa, zomwe zimaika thewera la nsalu patsogolo, ndipo thewera lotaya lilibe koyenera kupita m'madera omwe galimoto za khonsolo zopita ku Area 38 kapena ku Mzedi sizifikako. Koma mbali inayi, banja lomwe likuwiritsa matewera tsiku ndi tsiku pa mbaula ndi kusita ndi simbi ya makala likuthandiza kumaliza nkhalango ya Dzalanyama. Ndipo mayi yemwe akuchapira matewera mu mtsinje kapena kukhuthula madzi ake m'ngalande wapereka ku mtsinjewo chimbudzi chomwecho chomwe thewera lotaya likadapereka. Madzi oyamba otsukuluzira ayenera kupita m'chimbudzi, ndipo wochapa asambe m'manja ndi sopo.

Palinso mtengo wina womwe sulembedwa pa bajeti ya banja, womwe ndi nthawi ya wochapa. Lamulo la za ntchito la mu 2000 limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera asanu ndi atatu, ndipo kusintha kwa lamuloli kwa mu 2021 kudapatsanso bambo masabata awiri. Tchuthi chikatha mwana amakhala adakali ndi zaka pafupifupi ziwiri za m'matewera, ndipo ndowa ija imagwera wantchito wa pakhomo, agogo, kapena mayi yemweyo akaweruka madzulo. N'chifukwa chake sichilungamo kunena kuti amayi a masiku ano ndi aulesi, monga ena amanenera m'maminibasi. Amene amanena zimenezi nthawi zambiri sadagwirepo ndowayo, ndipo mlembiyu adaona yekha momwe abambo anzake oyandikana nawo nyumba ankamusekera pomuona akuyanika matewera.

Chomwe banjali silidayembekezere n'chakuti chizolowezichi chidafalikira ku zinthu zina. Munthu akayamba kuwerenga ndowa za madzi amayambanso kuona pomwe mpopi ukudontha. Madzi otsukuluzira omaliza adayamba kuthiridwa m'chimbudzi m'malo mogujumula, ku msika kudayamba kupita dengu m'malo mwa majumbo, makoko a nthochi ndi zotsalira za masamba zidapeza dzenje la manyowa kuseri kwa nyumba, ndipo thumba la zinyalala lomwe kale linkadzaza pa masiku awiri lidayamba kutha sabata.

Kwa akuluakulu omwe amakonza ndondomeko, chiyeso chimakhala chofuna kuletsa. Dziko la Vanuatu, lomwe ndi la zilumba za m'nyanja ya Pacific, lidalengeza mu 2019 kuti liletsa matewera otaya, koma lidaimitsa ganizoli anthu atadandaula kuti katundu yense agwera amayi ndipo njira ina sidakonzedwe. M'maganizo a mlembiyu, chiletso chotere kuno chingapweteke kwambiri mayi wa ku Ndirande kapena ku Mtandire yemwe amagula madzi pa ndowa, komanso mabanja osamalira okalamba ndi odwala omwe nawonso amadalira matewera otaya.

Zomwe zili m'manja mwa maofesi a boma ndi zina. Azaumoyo omwe amakumana ndi amayi ku sikelo mwezi uliwonse angathe kuphunzitsa kachapidwe koyenera ka thewera la nsalu, komanso kuti ngakhale lotaya liyambe lakhutulidwa m'chimbudzi lisadakulungidwe. Makhonsolo ndi bungwe la Malawi Environment Protection Authority, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la za chilengedwe la mu 2017, angathe kuyamba kuwerengera matewera paokha pokonza za kasamalidwe ka zinyalala, ndi kufunsa oitanitsa katunduyu kuti akutengapo gawo lanji pa zomwe zimatsala akagulitsa. Nawo oona za malonda angakumbukire kuti thewera la nsalu ndi thonje, mbewu yomwe imalimidwa ku Chikwawa, Balaka ndi Salima, ndipo telala wa pa khonde la sitolo angathe kulisoka popanda dziko kutulutsa ndalama zakunja zochuluka. Koma zonsezi zimadalira kuti pa mpopi pazituluka madzi.

Mwana wachiwiri uja adasiya matewera atangopitirira zaka ziwiri. Mwa matewera 24 aja, asanu adatha n'kusanduka zokolopera, ndipo 19 otsalawo adachapidwa, kusitidwa ndi kutumizidwa kwa alamu ake a mlembiyu omwe akuyembekezera mwana wawo woyamba.