Kodi mumadziwa? Chiseyeye chonunkha si chodikira nacho ndalama za fodya

M'midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, munthu akaona magazi potsuka m'kamwa amangolavula, n'kunyamula khasu. Koma pali chiseyeye china chomwe sichifuna mphwayi ngakhale pang'ono.

Kodi mumadziwa kuti chiseyeye chilipo cha mitundumitundu? China chimadza thupi likasowa vitamini C, yemwe amapezeka m'malambe, magwafa ndi malalanje. China chimayamba ndi litsiro lokanirira m'mano. Choopsa kwambiri ndi chomwe madokotala amachitcha necrotizing gingivitis, chimene chimaoletsa nkhama m'masiku ochepa.

Kodi mumadziwa mmene chimaonekera? Ululu wake umayamba mwadzidzidzi, moti ngakhale phala limavuta kumwa. Nsonga za nkhama zapakati pa mano zimadyeka, pamwamba pa zilondazo pamabwera zotuwa, ndipo magazi amatuluka ukangokhudza. M'kamwa mumatuluka fungo loipa, thupi limatha kutentha, ndipo mwanabere amatupa m'munsi mwa chibwano.

Kodi mumadziwa kuti tizilombo take muli nato kale? Mabakiteriya monga Fusobacterium ndi Prevotella amakhala m'kamwa mwa anthu ambiri osavuta chilichonse. Amalusa thupi likafooka ndi njala, malungo, chikuku, HIV, nkhawa kapena kusagona. N'chifukwa chake si matenda opatsirana pomwera chikho chimodzi, komanso si olodzedwa.

Kodi mumadziwa kuti matendawa anatchuka ndi nkhondo? Dokotala wa ku France, Jean Hyacinthe Vincent, anafotokoza za tizilomboti m'zaka za m'ma 1890. Pankhondo ya 1914 mpaka 1918, asilikali ambiri ku Ulaya anadwala matendawa ali m'maenje obisalamo, kumene ankadya mosakwanira, osagona, osatsuka m'kamwa, uku akusuta fodya.

Kodi mumadziwa kuti fodya amabisa matendawa? Dowa ndi Ntchisi ndi kuchimake kwa fodya, ndipo wopichira wa chingambwe sasowa. Utsi wake umafinya timitsempha ta magazi ta m'nkhama, kotero wosuta saona magazi msanga pomwe matenda akulowerera mkati. Podzazindikira, mano ayamba kale kugwedera.

Kodi mumadziwa kuti mwa mwana chiseyeyechi chimatha kudya tsaya? Kwa mwana wa zaka 2 mpaka 6 wonyentchera, makamaka amene wangochira chikuku kapena malungo, chilonda chimachoka pankhama n'kulowa m'tsaya, m'milomo mpaka m'fupa. Matendawa amatchedwa noma. Tsaya limatupa, limada, kenako limabooka, zonsezi m'masabata osaposa awiri kapena atatu. Mu 1998 bungwe la WHO linayerekeza kuti ana 140,000 amadwala noma chaka chilichonse padziko lonse, ndipo mwa 10 osalandira chithandizo, 9 amamwalira. Opulumuka amatsala ndi zipsera zowalepheretsa kudya ndi kulankhula bwino. Mu Disembala 2023, dziko la Nigeria litatsogolera pempho, WHO inaika noma pamndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'mayiko otentha. Ku Sokoto, ku Nigeria komweko, kuli chipatala cha noma chomwe chinatsegulidwa mu 1999.

Kodi mumadziwa kuti sikelo imateteza m'kamwa mwa mwana? Katemera wa chikuku, yemwe kuno amabayidwa mwana akakwana miyezi 9 ndi 15, amatseka njira imodzi yaikulu ya noma. Mu 2010 mliri wa chikuku unagwira anthu oposa 100,000 m'Malawi muno. Kusikelo n'kumenenso alangizi a zaumoyo amatulukira msanga mwana yemwe wayamba kunyentchera, makamaka m'miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale.

Kodi mumadziwa kuti mankhwala a chiseyeyechi ndi odziwika kale? Achipatala amachotsa litsiro m'mano ndi kupereka metronidazole, amene ambiri amamudziwa kuti Flagyl, kapena amoxicillin. Ululu umayamba kuchepa pakadutsa masiku awiri kapena atatu, koma mankhwala ayenera kumalizidwa, ndipo Flagyl sayenderana ndi mowa, kaya kachasu kaya masese. Kuchukucha madzi ofunda a mchere kumathandiza podikira ulendo wa kuchipatala cha boma ku Dowa, ku Ntchisi, ku Mponela kapena cha mishoni ku Madisi. Kukwecha nkhama ndi makala kapena kuika asipulini pachilonda kumangowonjezera bala.

Kodi mumadziwa kuti Malawi wayamba posachedwapa kudziphunzitsira madokotala a mano? Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine ku Blantyre, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. Ndondomeko ya dziko ya umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Odziwa za mano akadali ochepa kumidzi, choncho woyamba kuona vuto ndi kholo. Mwana akadwala n'kuyamba kukana chakudya, kuchucha dovu kapena kununkha m'kamwa, muyasamulitseni pamalo owala, muone nkhama zake. Mukapeza zilonda kapena tsaya lotupa, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.