Musanavomere Ntchito ya Uphunzitsi, Kaoneni Kaye Sukuluyo

Chaka chilichonse sukulu zikatsala pang'ono kutsegulira, kuno ku Limbe timalandira alendo. Ndi ana athu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amene atsiriza maphunziro a uphunzitsi, ena pa Maryam Girls ku Mangochi, ena pa koleji ya aphunzitsi ya Blantyre, enanso m'makoleji a Chisilamu. Amafikira kwa amalume ku Bangwe kapena kwa azakhali ku Ndirande, envulopu ya masatifiketi ili m'manja. Popeza boma limachedwa kulemba aphunzitsi ntchito, ambiri amayamba kugogoda pa sukulu zoyima pazokha ndi m'madrasa.

Tsono akangomva kuti "mudzayambe Lolemba", amathokoza n'kutuluka osafunsa kanthu.

Inenso ndinatero. Pa sukulu yanga yoyamba malipiro tinapangana pakamwa. Mwezi utatha anandipatsa theka, ati makolo sanatsirize fizi. Ndinkagona ku Bangwe pamene sukuluyo inali kuseri kwa tauni ya Blantyre, ndipo nditachotsa ya minibasi, yotsalayo sinakwane ngakhale thumba la chimanga. Pepala loti ndikadandaule nalo ndinalibe.

N'chifukwa chake ndikuti pitani kaye mukaione sukuluyo ndi maso anu, tsiku wamba, osati tsiku lokafunsidwa mafunso pamene pabwalo pasesedwa. Kwerani minibasi m'mawa kuchokera kumene mudzagona, muwerenge ndalama ndi nthawi yomwe. Mukafika suzumirani m'makalasi. Kuyambira 1994, pamene boma la a Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, kalasi la ana opitirira 100 si lachilendo m'sukulu za boma za m'tauni. Sukulu zoyima pazokha zimadzitama kuti ana ndi ochepa, koma muwerenge nokha. Funsani ngati inalembetsedwa ku Unduna wa Zamaphunziro. Potuluka mugule chitumbuwa kwa mayi wa pageti, mucheze nawo pang'ono. Iwowo amadziwa kuti chaka chino achoka aphunzitsi angati, ndipo sabisa.

Kwa ife Asilamu pali mafunso ena amene manyazi amatitsekera pakamwa. Mnyamata afunse za Lachisanu: kodi ndondomeko ya maphunziro idzamlola kupita ku swala ya Juma, nanga mzikiti wapafupi uli kuti? Mphunzitsi wamkulu wanzeru amasintha maola akauzidwa teremu isanayambe, koma zimavuta ukamuuza Lachisanu lomwelo, 11 koloko itakwana.

Mtsikana afunse za hijabu. Tikukumbukira mkangano wa pa sukulu ya M'manga ku Balaka m'chaka cha 2019, ndiponso mgwirizano umene atsogoleri a Chikhristu ndi a Chisilamu anasainirana mu 2021 mothandizidwa ndi bungwe la Public Affairs Committee, wolola atsikana kuvala hijabu m'sukulu za mishoni. Komatu mgwirizanowo ukukamba za ophunzira. Inu amene mukufuna ntchito dzifunsireni nokha, mwaulemu, yankho mulimve musanasaine.

Kusainako n'kofunika kwambiri. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati wolemba anthu ntchito apereke kalata yofotokoza malipiro, maola ndi tchuthi. Pa penshoni, bwana amaika K10 pa K100 iliyonse ya malipiro anu, inu K5. Funsaninso ngati amalipira pa holide, chifukwa sukulu zina zikatseka, malipiro nawo amatseka.

Kumadrasa ndiye nkhani imakula. Timaopa kutchula ndalama kuti akuluakulu a komiti angatiyese osakonda ntchito ya Allah. Ine ndimaphunzitsa madrasa, ndipo ndikunenetsa kuti kufunsa si kupanda chikhulupiriro. Ustazi nayenso amalipira lendi. Dziwani amene adzakulipirani: komiti ya mzikiti, bungwe, kapena munthu mmodzi wakufuna kwabwino wa sitolo ku Limbe? Ngati ndi mmodziyo, malonda ake akadzagwa mudzalowera kuti? Onaninso ngati ana ali ndi mabuku, komanso ngati oyamba kumene alifu amakhala chipinda chimodzi ndi oloweza Qur'an.

Za kukonzekera kwanu sindichulutsa, munaphunzira kale. Tengani sikimu imodzi ndi phunziro limodzi limene mungaphunzitse nthawi yomweyo akakupatsani choko, ndi kalata ya umboni yochokera kumene munayeserera kuphunzitsa kapena kwa Shehe wa kwanu. Masatifiketi enieni muwaonetse chabe, osawasiya mu ofesi ya munthu; musiye mafotokope.

Makolo a kunyanja, mwana akamanyamuka musangompatsa usipa ndi ya basi yokha. Muonjezepo ya minibasi ya masiku atatu kapena anayi, kuti ayendere sukulu zingapo asanasankhe.