Mganda wa ku Mbamba Bay ndi jazi: ana a mimba imodzi

Anthu akatha kukolola, midzi ya m'mphepete mwa nyanja m'boma la Nyasa ku Tanzania imayamba kuitanizana ku mganda. Ku Mbamba Bay, Liuli ndi Lituhi amuna amandanda m'mizere atavala akabudula oyera ndi masokosi aatali, ng'oma yaikulu ikugunda, malipenga a zipanda akulira. Ambiri mwa oonerera sadziwa kuti guleyu ali ndi mbale wake ku America, dzina lake jazi.

Jazi inabadwira mumzinda wa New Orleans. Akapolo a kumeneko, omwe ambiri anachokera kumadzulo ndi pakati pa Afirika, ankasonkhana Lamulungu pabwalo la Congo Square nkumaimba ng'oma za kwawo. Ukapolo utatha mu 1865, ana ndi zidzukulu zawo anatenga malipenga a mabandi a asilikali nayamba kuwaliza mwa Chiafirika: wina kutsogolera, ena kuvomera, mingoli ikupolokozana, woimba aliyense akupeka zake pomwepo. Mbale yoyamba ya jazi inatuluka mu 1917.

Zomwezo zinachitikanso kum'mawa kwa Afirika. M'zaka za m'ma 1890, anthu a ku Mombasa ndi Lamu anayambitsa beni potsanzira perete ndi mabandi a Azungu. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inafika panyanjayi mu Ogasiti 1914, pamene sitima ya Angelezi inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann padoko la Liuli. Asilikali ndi amtengatenga pobwerera kwawo anafalitsa magule a perete, ndipo m'menemo munatuluka mganda ndi malipenga ovinidwa kutsidya, ku Nkhata Bay. Katswiri wa mbiri yakale, Terence Ranger, analongosola za beni m'buku lake la mu 1975.

Posowa malipenga achitsulo, anthu a kunyanja anaboola zipanda nkumata pabowopo kachikopa kopyapyala ka chisa cha kangaude. Munthu akang'ung'udzira m'menemo, mawu amatuluka onjenjemera. Kuimba kotereku kunamvekanso m'magulu a anthu akuda ku America, omwe ankaliza kachitoliro kotchedwa kazoo. Mganda sunabale jazi ayi, koma zonse ziwiri zinatenga chida cha msilikali nkuchiphunzitsa kulankhula Chiafirika.

Nkhawa ilipo ndi yakuti luso limeneli silinalembedwe m'mabuku a m'midzi. Limakhala m'manja ndi m'mitu ya akuluakulu. Mkulu wodziwa kukonza lipenga akamwalira asanaphunzitse wina, luso limapita naye kumanda. Alangizi ndi ogwira ntchito zachitukuko amadziwa kuti bwalo la mganda limasonkhanitsa anthu kuposa msonkhano uliwonse. Choncho asamangolibwereka pofalitsa uthenga wa ulimi kapena zaumoyo. Alimbikitsenso alimi kudzala mphonda, ajambule nyimbo za akuluakulu pafoni, ndipo apemphe aphunzitsi kuti ana asukulu aphunzire kupanga ndi kuliza malipenga eni luso akadali moyo.